Perete wa Ana: Beni, Malipenga ndi Mganda pa Bwalo la Sukulu

Tsiku lotsekera sukulu, kapena pamene mlendo wolemekezeka wabwera kudzatsegula chipinda chatsopano chophunziriramo, pali gule amene sasowa. Anyamata amandanda m'mizere atavala makabudula oyera, malaya opisira ndi masokosi ofika m'maondo. Kutsogolo kuli mmodzi, wenzulo pakamwa, kandodo m'khwapa. Ng'oma yaikulu ikagunda, mapazi onse amanyamuka pamodzi ngati a munthu mmodzi. Amayi nthungululu, abambo kupisa m'matumba kuti akafupe. Ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu adzakuuzani kuti umenewu ndi mganda. Ku Nkhata Bay ndi malipenga. Ku Mangochi, Machinga ndi Zomba kuli mbale wake wa magule awiriwa, beni, wa yunifolomu ngati ya asilikali ndi timamendulo pachifuwa.

Koma mutamutengera pambali mnyamata wa wenzuloyo n'kumufunsa kuti, kodi gule wa makolo uyu masokosi anawatenga kuti, nanga sawatcha akuchitira yani, angakuyankheni chiyani? Ana ambiri amene ndinawafunsapo amangoti ndi chikhalidwe chathu. Yankho lake si labodza, koma laperewera, ndipo kuperewera kwakeko sitingawaimbe nako mlandu anawo.

Ku Europe kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa magule amakedzana m'masukulu ndi m'nyumba zosungiramo mbiri. Iwo amadalira mabuku. Amatsegula buku la Thoinot Arbeau la mu 1589, kapena la John Playford limene linatuluka ku London mu 1651, n'kumawerenga mzere ndi mzere kuti adziwe pamene phazi linkaponda, poyesa kuukitsa gule amene ovina ake onse anapita kalekale. Kuno kwathu zili mwina. Gule ali moyo, miyendo ya ana ikumudziwa, ng'oma ikulira. Chimene chikuzimirira ndi nkhani yake. Choncho mphunzitsi wa ku Malawi ali ndi ntchito yosiyana: kubwezera nkhani m'mapazi amene akuvina kale.

Kumene mizereyi inachokera

Dzina loti beni ndi bandi yomweyi, monga inkamvekera m'kamwa mwa Aswahili. Gule ameneyu anayambira m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890. Kumeneko mipikisano ya magule pakati pa magulu a m'tauni inalipo kale Azungu asanakhazikike. Achinyamata ataona perete wa asilikali ndi wa amalinyero a sitima zankhondo, ndi malipenga awo onyezimira, anazitenga n'kuziika mumpikisano wawo wakale uja. Ku Mombasa kunali magulu otchedwa Kingi ndi Scotchi. M'dziko limene linkalamulidwa ndi Ajeremani, limene lero mbali yake yaikulu ndi Tanzania, kunali Marini ndi Arinoti. Gulu lililonse linali ndi mfumu yake, akazembe ake ndi maudindo ena otengera a asilikali, ndipo linali ndi nthambi m'matauni osiyanasiyana. Katswiri wa mbiri Terence Ranger anafufuza ulendo wonse wa gule ameneyu m'buku lake la mu 1975.

Chimene chinamufalitsa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja yathu ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ana ambiri amaiphunzira ngati nkhondo ya Azungu okhaokha, ya kutali, pomwe mfuti zake zina zoyambirira zinalirira pa nyanja ya Malawi. Mu Ogasiti 1914, sitima ya boma la Nyasaland yotchedwa Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli. Mwezi wotsatira kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Gulu la asilikali la King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo linali ndi malo ake ku Zomba, linalemba amuna ochuluka. Ofufuza amawerengera kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 anamenya nawo nkhondoyi ngati asilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, m'dziko limene anthu ake panthawiyo anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Tangoganizani, ndi mudzi uti umene sunachotsedwe mwamuna?

Amtengatengawa ndiwo ndimafuna kuti mwana aliyense wovina mganda awadziwe. Kumene nkhondo inkamenyedwa misewu inali yosowa, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi matenda a kashembe. Ufa, zipolopolo, mahema ndi mankhwala zonse zinayenda pamitu ya anthu, mvula ndi dzuwa, mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo, ankagwidwa m'midzi. Anafa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, ndipo manda a ambiri a iwo alibe ngakhale mwala. John Chilembwe analemba kalata mu Novembala 1914 yodandaula kuti anthu osauka a dziko lino akukafera mkangano umene suli wawo, ndipo mu Januwale 1915 anaukira boma. Mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anagonja pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala m'dziko la Zambia. Nkhondo imeneyi akuluakulu akumudzi ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti yothetheka ngati chimanga chokazinga.

Opulumuka anabwerera ali ndi zipsera, ndalama zochepa, ndi perete m'miyendo. Anali ataguba zaka, atamva malipenga a m'mawa, ataona momwe sajeni amakuwira ndi momwe bwana amayendera mizere akuyang'ana mabatani. Zonsezi anaziumba kukhala gule. Ayao, amene ambiri a iwo anali asilikali, anasunga dzina loti beni ndi mphamvu zake zonse za kuguba. Atonga a ku Nkhata Bay anamufatsitsa gule uja n'kumuveka ukhondo ndi ulemu, nakhala malipenga. M'chigawo chapakati ndi pa chilumba cha Likoma anamera ngati mganda. Gulu la ovina linayamba kutchedwa boma, ndipo m'bomamo munali mfumu, kaputeni, dokotala wa chovala choyera ndi namwino, amene ntchito yawo inali kuyendera ovina ndi kuona ngati ali aukhondo.

Ku migodi ya Zambia gule wa mtundu womwewu anatchedwa kalela. Wofufuza wina, J. Clyde Mitchell, anaonerera gulu la Abisa likumuvina ku Luanshya, nalemba za iye mu 1956. Ndipo ogwira ntchito m'migodi ya kopa atanyanyala ntchito mu 1935, boma la atsamunda linaloza chala magulu a beni, amene kumeneko ankatchedwa mbeni, kuti ndiwo anayendetsa uthenga. Gule amene ena ankamuona ngati chibwana cha anyamata anali ndi maudindo, thumba la ndalama ndi njira zotumizira mawu, zinthu zimene boma lenileni linaziopa.

Kodi ankatsanzira kapena ankanyoza?

Funso ili akatswiri akhala akukangana nalo, ndipo m'kalasi ndi lokoma kwambiri. Ena amati ovina ankasirira Mzungu. Ena amati ankamuseka, kumuyeserera kayendedwe kake kodzikuza kuti mudzi wonse ugwe ndi phwete. Ine ndimaona kuti mayankho onse awiriwa ndi opapatiza. Munthu amene anasenza bokosi la zipolopolo kuchokera ku Karonga mpaka kudera limene sanalimvepo dzina, n'kubwera kwawo n'kudzitcha kaputeni, n'kuvala zoyera zopanda banga m'mudzi wafumbi, akunena chinthu chozama kuposa kusirira kapena chipongwe. Kunkhondo ankalamulidwa; pabwalo akulamula yekha. Kunkhondo ankavala nsanza. Pabwalo ndiye mwini wa ukhondo. Dongosolo limene linamuzunza walilanda n'kulisandutsa chinthu chokongola cha iye ndi anzake. Mwana wa Sitandade 7 angathe kumva zimenezi bwinobwino, bola wina amuuze.

Masana ena pansi pa mtengo wa mango

Ndinakhalapo masabata angapo pafupi ndi sukulu ina ya kumudzi m'boma la Ntchisi, pamene ana ankakonzekera tsiku lotsekera. Poyamba mphunzitsi wawo, mnyamata wakhama amene anakulira m'tauni, ankawaphunzitsa ndi nyimbo ya pa foni yolumikiza ku sipika. Ana ankaponda bwino ndithu, koma gule anali wouma. Nyimbo ikatha, amaima; batire ikatha, gule watha. Palibe amene ankamvera mnzake, aliyense khutu linali ku kabokosi kaja. Sindimuda mphunzitsiyo. Kukoleji anaphunzira za magule papepala, kalasi lake linali ndi ana oposa zana, ndipo sukulu inalibe ng'oma ngakhale imodzi.

Zinthu zinasintha pamene komiti ya makolo inaitana agogo ena a m'mudzi woyandikana nawo, amene anavinapo mganda unyamata wawo wonse. Tsiku loyamba sanavinitse mwana aliyense. Anabwera ndi thumba la mphonda zouma, zamakosi ataliatali, ndi kampeni. Anakhala pansi, ana atawazungulira, n'kuyamba kupanga badza. Anadula kumimba kwa mphonda kuti mawu azitulukira, nakokolola njere ndi kamtengo. Anadula kansonga ka kukhosi, kenako anaboola kabowo m'mbali mwa khosilo, pongokwana milomo. Pansonga paja anamatapo kapulasitiki kopyapyala, akufotokoza kuti kale ankamatapo kachikopa koyera kamene kangaude amakutira mazira ake, kopezeka m'makoma ndi kudenga. Atatha anapatsa mnyamata wina kuti alize. Mnyamatayo anauzira mpweya mpaka masaya kutupa, koma kunangomveka kuti fuu. Anzake kuseka. Agogo aja anamuuza kuti badza sauzira ngati lipenga la asilikali, amaimbiramo. Atang'ung'udza nyimbo m'kabowo kaja, kapulasitiki kananjenjemera, ndipo panatuluka liwu lonzuna ngati la njuchi zambiri, loti munthu ali kutali angalumbire kuti kwabwera bandi.

Pa mphonda imeneyo panali phunziro lonse la mbiri. Anthu amene analibe ndalama zogulira malipenga amkuwa anapita kumunda n'kukathyola awoawo. Mphonda yaing'ono imaimba mawu aang'ono, yaikulu imaimba besi, ndipo zikakhala khumi pamodzi zimagawana mawu ngati kwaya. Ng'oma yaikulu nayo, yachikopa mbali zonse ziwiri, yomenya ndi chibonga, ndi mwana wa ng'oma ya perete.

Tsiku lachitatu ndi pamene anayamba mapazi, ndipo chimene ankalimbana nacho kwambiri chinali liwiro. Ana amakono amathamanga. Azolowera magule a pa vidiyo, ofuna kuti thupi lonse ligwedezeke nthawi imodzi. Agogo aja ankawabweza kambirimbiri pa sitepe imodzi: phazi linyamuke, liime kaye m'mwamba, litere mofewa; msana uwongoke; nkhope isaseke; kansalu ka m'manja kasagwe. Mnyamata wina atafunsa mwaulemu kuti, agogo, bwanji osangofulumira kuti anthu asangalale, iwo anamuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndi kuti wovina mganda amaonetsa kuti thupi lake amalilamula yekha. Pa nthawi yopuma ndi pamene ankasimba za agogo awo aamuna, amene anatengedwa kukasenza katundu n'kubwera patapita zaka ziwiri mapazi atang'ambika. Ndinaona ana amene poyamba ankakankhana atakhala duu. Mphunzitsi uja anatulutsa kope n'kumalemba.

Kuyambira pamenepo ntchito anaigawana bwino. Agogo anali ndi mapazi, nyimbo ndi nkhani ya banja lawo. Mphunzitsi anali ndi mapu ndi zaka. Anajambula nyanja pa bolodi, naika Karonga, Zomba ndi Mbala, ndipo ana anayeza ndi ulusi mtunda umene munthu ankayenda ndi katundu pamutu. Phunziro la Expressive Arts, limene lili pa ndondomeko ya maphunziro a ku pulayimale, linakumana ndi phunziro la mbiri popanda wina kulamula kuti zitero.

Gule akakwera pa nsanja

Kuvina pamaso pa anthu a kumudzi ndi kuvina pamaso pa alendo a pa mipando ndi zinthu ziwiri. Kumudzi mganda ndi malipenga ndi magule a m'chilimwe, anthu atakolola. Boma limodzi limaitana linzake, alendo amayenda mtunda zovala zili m'chikwama kuti zisade, eni mudzi amaphika, ndipo mabomawo amalowa m'bwalo mosinthana mpaka dzuwa kupendeka. Oonerera amadziwa chimene akuyang'ana: mzere wowongoka, kuyera kwa zovala, sitepe yatsopano imene sanaionepo, nyimbo yoluma bwino. Amayi nawo ali ndi magule awo oyenda limodzi ndi amenewa, chiwoda kunyanja ndi chimtali kumtunda. Mpikisano ndiwo moyo wa gule ameneyu kuyambira ku Lamu komwe.

Pa mwambo wa boma kapena wa bungwe zonsezi zimadulidwa. Gulu limapatsidwa mphindi zisanu pakati pa zolankhula ziwiri. Woyendetsa mwambo amati tsopano tisangalale pang'ono ndi gule wa makolo athu, ana amalowa mothamanga, ndipo asanafike n'pakati pomwe amauzidwa pa chokuzira mawu kuti afupikitse chifukwa mlendo wolemekezeka ali ndi ulendo wina. Ndinaonapo ana atadikira padzuwa kuyambira m'mawa, osadya, n'kubwezedwa osavina n'komwe chifukwa nthawi inatha. Zimenezi zimandipweteka mtima. Mwana amene wachapa malaya ake usiku, n'kuwasita ndi simbi yamakala yobwereka, akuphunzira kuti luso lake ndi chodzazira mpata.

Chizolowezi chimenechi chili ndi mbiri yakenso. Dziko litalandira ufulu mu 1964, magule a m'maboma onse ankasonkhanitsidwa pa zikondwerero za pa 6 Julayi ku Kamuzu Stadium ndi pa misonkhano ya Dr. Hastings Kamuzu Banda. Ubwino wake unali woti munthu wa ku Nsanje anaona malipenga ndipo wa ku Karonga anaona beni. Koma nyimbo zambiri zinasinthidwa mawu kuti zikhale zotamanda mtsogoleri, ndipo magule anazolowera kufupikitsidwa ndi kuyang'ana mbali imodzi, kumene kwakhala wamkulu. Lero mawu otamanda aja alowedwa m'malo ndi mauthenga a mabungwe, a za ukhondo, za katemera, za kubzala mitengo. Mauthengawo ndi abwino, ndipo gule ameneyu wakhala akupeka nyimbo za zochitika za tsiku ndi tsiku kuyambira kale. Chimene ndimakana n'choti nyimbo zakale zonse zitayidwe, chifukwa m'menemo ndimo muli mayina a malo, madandaulo ndi nthabwala za anthu amene anayambitsa guleyu. Gulu la sukulu lingathe kusunga ziwiri zakale n'kupeka imodzi yatsopano.

Pali zinthu zing'onozing'ono zimene zimasintha chionetsero chonse. Mwana mmodzi ayambe waima kutsogolo n'kufotokoza m'mawu ochepa kumene gule anachokera, n'kutchula udindo wa aliyense: uyu ndi mfumu, uyu ndi kaputeni, uyu ndi dokotala. Oonerera akadziwa zimenezi amayamba kuona zimene poyamba zimangowadutsa. Ng'oma ndi badza zikhale zenizeni. Ngati n'kotheka pakhale magulu awiri, ngakhale a sukulu imodzi, kuti moto wa mpikisano uyake. Ndipo akuluakulu amene aphunzitsa anawo atchulidwe pamaso pa anthu ndi kupatsidwa kangachepe, chifukwa nzeru zawo n'zimene zagwira ntchito.

Za atsikana ndi za magule osaloledwa

Kale mizere ya mganda ndi malipenga inali ya amuna, popeza ndiwo anapita kunkhondo. M'masukulu ambiri lero atsikana amavina nawo, ena mpaka kugwira wenzulo. Pali akuluakulu amene zimawanyansa. Ine sindiona cholakwa, malinga ana auzidwe zoona kuti poyamba sizinali choncho, ndi chifukwa chake. Gule amene anabadwa posintha perete wa eni ake sangadabwe ndi kusintha. Auzidwenso za amayi amene anatsala akulima okha zaka zinayi zija, n'kumaperekanso ufa wodyetsa asilikali.

Komabe si gule aliyense amene mphunzitsi angamutenge n'kumuika pa bwalo la sukulu. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ali ndi eni ake ndi malamulo a kudambwe, ndipo kuveka ana osameta zigoba kuti asangalatse alendo ndi kulakwira Achewa. Vimbuza wa Atumbuka ndi gule wochiza odwala. Za magule otere mwana aphunzire pomva ndi poonerera pamene eni ake alola. Beni, malipenga ndi mganda alibe chinsinsi chotero. Anabadwira poyera, kuti aonedwe, ndipo n'chifukwa chake amakhala bwino m'manja mwa ana a sukulu.

Mphunzitsi wofuna kumva mmene malipenga ankamvekera kale ali ndi pogwira. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo, kuphatikizapo magulu a malipenga a Atonga, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Sukulu za kufupi ndi Zomba zili ndi mwayi wina: chipilala chachitali chokumbukira asilikali a King's African Rifles chili pomwepo m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre, ndipo ana angathe kukawerenga okha mayina olembedwapo.

Ku sukulu ya ku Ntchisi kuja, tsiku lotsekera linafika. Ana anagawidwa maboma awiri, lina la kumtunda kwa mtsinje, lina la kumunsi. Masokosi sanakwane, moti ena anavala a abambo awo atawapinda kawiri. Mtsikana wa Sitandade 8 anafotokoza za amtengatenga, mawu akunjenjemera poyamba, kenako n'kulimba. Dokotala, kamnyamata kovala malaya oyera a mlongo wake ofika m'maondo, kanayendera mzere kakuyang'ana zikhadabo ndi makolala, ndipo kanatulutsa mnzake mmodzi kuti akapisire bwino. Agogo aja anakana mpando umene anawakonzera pafupi ndi ahedi. Anaima kumbuyo kwa woimba ng'oma, dzanja lili paphewa pake, ndipo paliponse pamene mnyamatayo wayamba kuthamangitsa, ankamufinya pang'ono.